Mpeni wa ku Joni ndi Mbuzi ya Mayi Anga

Nkhondo yachiwiri ya azungu itangotha, amuna a kwathu ku mapiri a Tsangano anagwidwa ndi matenda a mipeni. Ndikuti matenda chifukwa dzina lina loyenera ndalisowa. Anthu ochokera ku migodi ya ku Joni anayamba kubwera ndi mpeni wina wopinda, wa chigwiriro cha nyanga yakuda, wokhala ndi kamphete kumsana kokoka poutseka. Mipeniyi inali yosowa. Ankati m'njira munali kusecha koopsa, moti ambiri ankalandidwa asanafike kumudzi. Kaya zinali zoona, kaya ankangokometsa malonda, ine ku Joni sindinapondeko. Chomwe ndikudziwa n'chakuti m'midzi yathu yonse, mpaka kutsetserekera ku Bwanje, munali inayi yokha, ndipo eni ake ankadziwika ngati mafumu.

Uchitsiru weniweni unali apa. Mpeniwo unkabwera utapakidwa girizi wachikasu, utakulungidwa m'kapepala. Girizi akakhala adakali pomwepo, amunawo ankati mpeniwo ndi wosadya, ndipo mtengo wake unkafika mapaundi awiri. Ukangodula kanthu kamodzi, ngakhale mzimbe, ankati wadya, ndiye masheleni asanu ankakwana. Choncho mipeni inayi ija sinkadula kanthu. Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, eni ake ankakhala pansi pa mtengo wa pichesi n'kumaitsegula, kuitseka, kuinunkhiza, anzawo atawazungulira kukamwa kuli yasa. Amuna a ndevu zawo, ena madikoni. Ife akazi tinkangodutsa kupita kukasenda mbatata ndi timipeni ta kwa wosula makasu.

Amuna anga ku Joni sanafike. Olemba anthu a ku migodi anawabweza pa sikelo, akuti anapepuka, ndipo chinthu chimenechi chinkawadya mumtima. Anali mkamwini wolimbika, m'munda wa kachewere sindinawadandaulepo. Koma anzawo akayamba kusimba za pansi pa mgodi, iwo ankangokanda pansi ndi kamtengo. Ndiye atamva kuti mmodzi wa eni mipeni aja akugulitsa wake, pa mapaundi awiri kapena mbuzi ya bere, anabwera kunyumba maso akuwala ngati aona mngelo.

Mbuzi ya bere m'mudzimo inalipo, ndipo inali yanga. Mayi anga pomwalira anandisiyira iyo ikadali kamwana, yakuda ya banga loyera pamphumi. Pa zonse za m'nyumba mwathu, chomwe ndinkati changa popanda kufunsa munthu chinali chimenechi. Bere limenelo linali loyamba, ndipo ndinali nditakuza kale khola ndi manja anga.

"Mayi a mwana," anatero amuna anga, "mbuzi ija imangodya udzu. Mpeni uwu chaka chamawa ukhala pa mapaundi atatu."

"Nanga mpeniwo umaswa?" ndinawafunsa.

"Inu simungazimvetse zimenezi."

"Zoona, sindingazimvetse. Koma mbuzi munaipeza pano, ndipo muisiye pomwe munaipezapo."

Anakwiya masiku atatu. Kenako anagulitsa jasi lawo ndi matumba a mbatata a m'kamunda kawo, mpeni n'kuupeza. Amene akuidziwa mphepo ya ku Tsangano andimvetsa ndikanena kuti ndinkaseka ndekha kuwaona akunjenjemera m'mamawa ndi malaya amodzi, dzanja lili m'thumba kusisita chuma chawo. Ankaugoneka pansi pa pilo. Mwana wathu akangoyandikira, ankamukalipira ngati wayandikira moto. Ine ndinkati zawo zimenezo, bola mbuzi yanga ndaipulumutsa.

Mvula itagwa, chimanga chitamera, tinayamba kumangirira mbuzi monga mwa nthawi zonse kuti zisalowe m'minda ya anthu. Yanga ndinkaimangirira ndi chingwe cha khonje pa chitsa cha m'mbali mwa khwawa, pomwe panali msipu wabwino. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, mvula itangokata, ndinamva kulira kwachilendo ndili kupalira. Ndinathamanga mwana ali kumsana. Nthaka ya m'mphepete inali itagumuka, mbuzi yaterereka, ndipo inali kulendewera m'khwawamo, chingwe chitaikola pakhosi, miyendo ikupalasa dothi.

Amuna anga anali atafika kale. Ndinawapeza atagwada pachitsa, akulimbana ndi mfundo ndi zikhadabo. Aliyense amadziwa kuti khonje likanyowa, mfundo yake simasuka, makamaka chinthu cholemera chikulikoka.

"Dulani chingwecho," ndinatero.

"Dikirani, ikumasuka."

"Mpeni uli m'thumba mwanu. Dulani."

"Ndati ikumasuka. Taonani, yayamba kale."

Anaweramira pansi n'kuyamba kuiluma mfundoyo ndi mano. Sindidzaiwala. Munthu wamkulu, mpeni wa mapaundi awiri ukuonekera m'thumba la kabudula, akutafuna chingwe ngati khoswe. Ndinayesa kupisa dzanja m'thumbamo, iwo n'kundikankha ndi chigongono osatembenuka n'komwe. Apo ndinadziwa kuti ndikungotaya nthawi. Ndinathamangira kunyumba kukatenga kampeni kanga, ndipo kunyumbako kunali kataliko ndithu. Pobwerera ndinapeza miyendo ija yasiya kupalasa. Chingwe ndinachidula kamodzi kokha, mbuzi n'kugwera m'matope.

Ndinalira, ndipo sindichita manyazi kunena. Ndinkalirira mbuzi, ndinkaliriranso mayi anga.

Anthu anasonkhana, ndipo anabweranso achimwene anga, omwe anali mwini mbumba pathu. Anali munthu wosalankhulalankhula. Anayang'ana chingwe chotafunidwa chija, anayang'ana mlamu wawo, kenako anati, "Alamu, nyama yodzifera sichedwa kuonongeka. Paja mpeni muli nawo m'thumbamo. Tasendani."

Mkamwini angakanize mkazi wake, koma sangakanize mwini mbumba pamaso pa anthu, pamudzi pa eni. Amuna anga anautulutsa n'kuutsegula. Amuna onse a pansi pa pichesi aja anasendera pafupi kuti aone mpeni wa ku Joni ukudya. Anauika pachikopa n'kukoka. Unangoterereka, kusiya mzere wa girizi pa ubweya. Anakokanso mwamphamvu, koma ayi ndithu. Mpeniwo unali usananoledwepo chiupangireni, ndipo pa eni mipeniyi onse anayi panalibe ndi mmodzi yemwe ankadziwa zimenezi, poti ndani akanayesa? Achimwene anaulandira, anauyesa pachala, n'kuubweza ndi manja awiri mwaulemu wonse.

"Mlongo wanga, bweretsa kako kaja," anatero.

Anasenda ndi kampeni kanga ka kwa wosula makasu, komwe ndinasinthanitsa ndi mbale ya nyemba. Atang'amba mimba anaima pang'ono, n'kundiyang'ana. Munali ana awiri, ubweya utamera kale, wina ali ndi banga loyera pamphumi. Akanabadwa mwezi womwewo.

Lamlungu lotsatira, pansi pa pichesi panali mtsutso waukulu. Ena ankati mpeni wa amuna anga wadya, chifukwa wakhudza nyama. Ena ankati sunadye, chifukwa sunadule kanthu. Anakangana milungu itatu, mpaka anagwirizana kuti mtengo wake ukhale paundi imodzi, ndipo amuna anga anabwera kudzandiuza zimenezi ngati nkhani yotonthoza. Za ana a mbuzi aja palibe anatchulapo. Ndinali nditawakwirira ndekha tsiku lomwelo, kuseri kwa khola lomwe ndinalikuza lija.