Alendo a m'foni ya atelala

Atelala a pakhonde la sitolo ya nsapato ndi mayi woti sadutsa munthu osamupatsa moni. Makina awo ndi opalasa ndi phazi, ndipo foni amaisunga m'chitini cha mabatani kuti isagwe. Ikalira, chitini chonse chimasokosera, khonde lonse n'kudziwa kuti mwana wawo wamkazi uja, wogwira ntchito mu ofesi kutali, waimba.

Kale mwanayo akaimba, zosoka zinkayamba zaima. Ankawauza zonse: za apongozi, za nsapato yomuthina, za bwana wonunkha m'kamwa. Koma chaka chatha mnzake wa kuntchito anaitanidwa ndi akuluakulu n'kuwerengeredwa mawu amene anangolankhula pafoni ndi mwamuna wake. Anawamva ndani, palibe ananena. Kuchokera pamenepo mwana wa atelala anauma pakamwa. Ankangoti ali bwino, kunja kukutentha, basi, n'kudula. Zinawapweteka mayiwa, osati pang'ono, poti sabata yonse ankapalasa makina akudikira macheza a Loweruka amenewo.

Ndiye foni yawonso inayamba kakhalidwe kena: akalankhula, mawu ankabwerera ngati wina akuwayeseza chapansipansi. Anapita nayo kwa wokonza mafoni wa pakona. Iye anaitsegula, n'kuuzira fumbi la ulusi, n'kunena kuti sipika yangokhwepa. Anawonjeza kuti omvetsera enieniwo, ngati alipo, sakhosomola n'komwe, munthu sungawadziwe. Atafuna kuikonza, atelala anakana. Akuti aisiye choncho, iziwakumbutsa kuti mwina pafonipo sakhala awiri.

Zimene anachita kenako, a pakhondepo amaseka nazo mpaka lero. Iwo anaganiza kuti ngati pali munthu wakhala phee kumvetsera, ameneyo ndi mlendo, ndipo iwo sanaleredwe kumangomuyang'ana mlendo ngati mtengo. Mwana ataimba, anamupatsa moni, kenako n'kuti:

"Nanga inu alendo omvetsera, mwaswera bwanji? Kunyumba ali bwanji?"

Mwanayo anawakalipira kuti si zamasewera. Koma mayi amenewa ungawaletse? Loweruka lililonse alendo ankalandira moni wawo. Tsiku lina anauzidwa kuti adzabwere ndi thalauza awaikire chigamba, poti munthu wongokhala pampando kumvetsera za eni thalauza limathera kumbuyo. Apo mpamene mwana uja anaphulika kuseka, kuseka kwake kuja kotsamwa nako, kumene mayi ake anali asanakumve miyezi isanu. Atelala tsiku limenelo anasoka akuimba.

Macheza anayamba kubwerera pang'onopang'ono, koma a pamwamba okha. Mpaka Loweruka lina mawu a mwanayo anamveka ena. Anayamba za kutentha, n'kusiya, n'kupuma.

"Amayi, ndili ndi nkhani. Koma alendo anuwo…"

Atelala anachotsa phazi pamakina. Pali mawu amene amauza azibambo operekeza akazi awo kudzayezetsa diresi, nthawi yokoka katani ikakwana. Ananena omwewo, mwaulemu wonse:

"Alendo, pepani, tatipatsaniko mpata. Izi n'zachizimayi."

Ndiye anadikira. Anadikiradi, nthawi yokwanira munthu kudzuka, kuvala nsapato, kukoka chitseko. Musaganize kuti mutu wawo sugwira. Ankadziwa kuti mwina palibe watuluka, mwinanso panalibe munthu n'komwe, ndipo zimawapsetsa mtima kuti mayi ndi mwana azichita kupempha malo m'macheza awoawo. Koma iwo anapempha. Amene watsala m'katimo, manyazi ndi ake.

"Atuluka. Nena, mwanawe."

Mwanayo anati ndi woyembekezera, miyezi inayi, ndipo kupatula mwamuna wake sanauze aliyense. Zitatero pakamwa panamasuka: za nseru, za masiketi osamukwana, za mantha ake onse. Analankhula mpaka foni kutentha khutu. Atelala misozi ili chuchuchu ndi chimwemwe, dzanja lina linali kale m'thumba la zidutswa, kufunafuna nsalu zofewa.

Asanadule anakumbukira kuti asiya munthu panja.

"Alendo, lowani tsopano. Mwapeza agogo."

Sipika yokhwepa ija inabweza mawu omalizawo chapansipansi, moti woyamba kuwatchula agogo anali mlendo wa m'foni. Mpaka pano wokonza mafoni amawafunsa kuti abwera nayo liti, iwo amangoti ilibe vuto.