Buluu ndi Kirimu pa Khoma la ku Tsangano

Tsiku limenelo nkhungu inali itakuta Tsangano yense, ndipo ngolo zonyamula kachewere ndinkangozimva zikulira mumsewu osaziona. Unali mwezi wa Juni, miyezi isanu chimwalirireni mkazi wanga. Mkulu wa mpingo wathu, poona kuti ndikungokhala, anandipezera ntchito yopenta pabalaza pa bambo Njobvu ndi akazi awo, a Nambewe. Kupenta ndinaphunzira pothandiza kutchalitchi, koma iyi inali ntchito yoyamba kuigwira ndekha.

Ndinakwecha khoma ndi sandipepa, ndinamata ming'alu, n'kupaka penti yoyera yapansi. Kenako ndinapaka zigamba ziwiri moyandikana, china cha buluu, china cha kirimu. Ndinawapempha kuti adikire ziume, chifukwa penti yonyowa imanama, ndipo aziyang'ane m'mawa ndi masana. Chipindacho chinali ndi zenera limodzi laling'ono. Buluu ankameza kuwala, kirimu ankakubweza.

Bambo Njobvu anati buluu amabisa utsi wa mbaula ndi zala za ana, basi n'kunyamuka kukagulitsa kachewere ku Lizulu. Atangochoka, a Nambewe anandiuza kuti agwirizana ndi amuna awo za kirimu, ndiponso kuti nyumbayo ili pamalo a kwawo. Sindinafunsenso. Ndinaviika rola yopentera mu penti ya kirimu, ndipo m'masiku awiri ndinamaliza.

Bambowo atabwera anaima pakhomo osalowa. Anafunsa amene walamula zimenezi. Mayi aja anayang'ana pansi n'kunena kuti ndinasankha ndekha. Ndinafuna kuwatsutsa, koma nditaona kuti akuopa amuna awo, ndinalola kuti mlandu ugwere ine.

"Achimwene, maliro aja anakusokonezani mutu," anatero bambo Njobvu. "Munthu wopanda mkazi angadziwe bwanji za m'nyumba?"

Bambowo atalamula, ndinapakanso buluu khoma lonse, zala zitauma ndi kuzizira, penti ikukana kuuma. Pabalaza panada ngati madzulo. Mawu a bambo Njobvu aja anafika kumpingo ndi kumsika, ndipo mpaka mvula inagwa palibe amene anandiitana kukapenta. Ndinkapemphera, komabe Lamulungu lililonse ndikawaona awiriwo pabenchi yakutsogolo mtima unkandiwawa.

Masiku ano sindiviika burashi mpaka mwamuna ndi mkazi ataima limodzi pamaso panga, onse n'kugwira ndi dzanja chigamba chimene asankha. A Nambewe sanabwere kudzapepesa, ndipo sindikudziwa ngati amuna awo anamva zoona zake. Zinanditengera nthawi yaitali, koma ndinawakhululukira onse awiri.