Tamanda Analibe Womutsatira

Atatiuza kuti unduna wathu ukusamukira ku Lilongwe, sindinaganize kawiri. Satifiketi yanga ya zotayipa inali yatsopano, ndipo bambo a mwana wanga Tamanda anali atasiya kale kulemba makalata kuchokera ku Joni. Amayi anati, "Mwanayu msiye kuno ku Zomba, ali ndi anzake." Ndinakana. Ndinkaopa kuti akula akunditchula anti.

Pamzere wa nyumba za lendi pomwe tinkakhala ndi amayi, anansi onse anali a m'boma, mamesenjala, madalaivala ndi makalaliki. Ana awo ankasewera chigulu, makanda ndi a Sitandade 5 omwe. Mtsogoleri wawo anali Efelo. Efelo akangoti "tiyeni", Tamanda ali pambuyo pake, akulongolola ngati wailesi.

Ku Lilongwe ndinapeza chipinda kuboyizikota ku Eriya 14. Mipanda, agalu, fumbi lofiira la mathirakitala, koma mwana panja osamuona. Ine ndemwe ndinkatha Lamulungu lonse osapatsidwa moni.

A NyaGondwe, anzanga a mu ofesi ku City Centre, ndiwo anandiuza za nazale ya pafupi. "Asisi, kumeneko msinkhu uliwonse uli ndi kalasi yake. Mwana wa munthu wa satifiketi asamaphunzire ndi makanda." Fizi yake inkadya ndalama yomwe ndikanatumiza kwa amayi, koma ndinamulembetsa.

Pang'onopang'ono Tamanda anasiya kuyankhula. Aphunzitsi ake anati, "Savuta ayi, mayi. Kungoti amathawira kukalasi ya akuluakulu, ndiye timamubweza kwa amsinkhu wake." Amsinkhu wakewo onse anali ngati iye, aliyense kudikira wina woti ayambe.

Ndinakayesa ku Old Town, kwa Mayi Asiyatu, akazi a telala wina, omwe ankasunga ana pakhonde kuseri kwa shopu. Onse pamphasa imodzi. Kamtsikana kena kankaimbitsa a-e-i-o-u katabereka khanda. Tamanda anasiya dzanja langa n'kukakhala pambali pake.

"Kalasi yake ndi iti?" ndinafunsa.

"Kalasi ndi yomweyi, mama. Wamkulu amakoka wamng'ono."

Sabata isanathe anayambanso kulongolola. Koma anabweranso ndi chipere m'mutu, ndiponso mawu ena otukwana omwe anawatchula pamaso pa eni nyumba. A NyaGondwe anaseka mpaka misozi. "Ameneyo polowa Sitandade 1 adzangodziwa kubereka mwana basi!"

Ndinamubweza ku nazale ija. Anakhalanso duu. Ndinamutengeranso kwa Mayi Asiyatu, kenako mtima unandilumanso, ndinamuchotsa. Mpaka lero sindidziwa kuti mantha oona anali ati. Pa basi ndinkasankha kwina, potsika ndasankha kwina. M'kalata zopita kwa amayi ndinkangoti Tamanda akuphunzira Chingerezi.

Tsiku lina ndikumusambitsa ndinamufunsa kuti akufuna sukulu iti. Anangondiyang'ana, sopo ali kumaso, osalira n'komwe. Apo ndinagonja. Ndinapempha tchuthi kuti ndikamusiye ku Zomba monga amayi ananenera poyamba paja.

Tinafika masana. Pamzere wathu panali zii. Zitseko zina zinali ndi maloko, pabwalo pomwe ankajambula mizere ya fulaye patamera udzu.

"Amayi, anzake a Tamanda ali kusukulu?"

"Anzake ati? Si munapita nawo onse ku Lilongwe kwanuko? Efelo ndi makolo ake akuti ali ku Kawale, ena kaya kuti. Kuno tatsala ife ankhalamba."

Tamanda sanamve zimenezo. Anali atathamangira kale pansi pa mtengo wa mango. "Efelo! Efelo!" Mawu ake ndinali nditawaiwala kukula kwake. Anaitananso kachitatu, n'kumvetsera.

Kenako anabwerera pang'onopang'ono, n'kudzaima kumbuyo kwanga atagwira siketi yanga, monga ankaimira kumbuyo kwa Efelo. Ankadikira kuti ndinene kuti "tiyeni". Ine chikwama chili m'manja, osadziwa kolowera.