Tsiku Limene Ndinauka kwa Akufa pa Msewu wa ku Mwape

Ndikukumbukila kutentha kwa tsiku limenelo kuposa nkhope za anthu amene ndinali nawo. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo ku Nyimba mwezi umenewu phula limafewa mpaka kumata ku zidendene. Nyenje zinali kulila m'mitengo mosalekeza, mabasi opita ku Lusaka anali kuliza mahutala, ndipo azimayi ogulitsa nthochi anali kuthamangila zenela lililonse atasenza mabeseni, aliyense akulumbila kuti zake ndizo zotsekemela. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, wachisanu kubadwa mwa ana asanu ndi atatu. Amene anabadwila pakati akudziwa kuti pamalo amenewa munthu amadya ndithu, koma saitanidwa dzina kawilikawili.

Tinanyamuka ku Petauke m'mawa pa vaneti yoyela ya amalume, a Mwanza, kukonzekela ukwati wa mlongo wanga wamkulu, Esinati. Tinapita ku Nyimba kukabweleka mapoto ndi mbale kwa azakhali, ndiponso kukagula nthochi za alendo. Kumbuyo kwa vanetiyo amalume anali ndi bokosi lalitali lamatabwa, lofunditsidwa tenti wobiliwila, ndipo mapoto onse analowa m'menemo.

Tili pamsika, atate anaona nsapato zakuda m'sitolo ina. Anaziyesa, anayenda nazo mpaka pakhomo, anabwelela, anaziyesanso. Atate anali asanavalepo nsapato zatsopano chikwatilile amayi, ndipo sanafune kukaima kutsogolo kwa mpingo ndi zija zong'ambika pachala chachikulu. Atagula, anazikulunga m'pepala nandipatsa ine.

"Iwe Yotamu, gwila izi ukakhale nazo m'galimoto. Ukazitaya usabwele kunyumba."

Ndinapita nditazikumbatila ngati khanda, nditapanilanso nthochi zinayi m'khwapa. Pansi pa mtengo wa mango panaima vaneti yoyela, kumbuyo kuli tenti wobiliwila, pansi pa tenti pali bokosi lalitali. Kodi mwana angafunenso umboni wotani? Ndinakwelela chakumbuyo. Ndikanazungulila kutsogolo ndikanaona nthambi yaiwisi itamangidwa pamphuno pa galimoto, chizindikilo chimene ngakhale mbuzi ya ku Nyimba imachidziwa, koma dzuwa silinandilole kuzungulila. Ndinalowa pansi pa tenti, ndinadya nthochi zanga zonse zinayi, makoko ndinawayala bwino pamwamba pa bokosi kuti ndikataye pambuyo pake. Ndinaona kuti bokosilo likununkha matabwa atsopano, ndipo ndinangoti amalume alipala. Kenaka ndinatsamila pomwepo, nsapato pachifuwa, tulo n'kundiba.

Chimene chinandidzutsa ndi kugwedezeka. Msewu wa ku Petauke ndi waphula, koma uwu unali kundiponya uku ndi uku, ndipo fumbi linali kulowa m'mphuno. Kunja kwa tenti azimayi anali kuimba nyimbo ya Mulungu mokoka kwambili. Ndinadabwa kuti amayi asankhilanji nyimbo yachisoni chotele ya pa ukwati, ngakhale kuti mkamwini wathuyo sanali kumukonda kwenikweni. Ndinafuna kuwauza kuti asinthe. Ndinakankha tenti ndi mutu, n'kutulukila.

Nyimbo inaduka pakati pa liwu. Ndinaona azimayi asanu ndi mmodzi amene sindinawaonepo chibadwile, onse atamanga mipango, onse pakamwa pali yasa. Mmodzi anaponya mwendo kunja kwa galimoto ikuyenda, anzake n'kumugwila chitenje. Wina anayamba Pemphelo la Ambuye koma analiyambila pakati. Bambo wachikulile amene anakhala pakona anamenya denga la dalaivala ndi manja onse awili mpaka galimoto inaima. Panthawiyo m'pamene tenti anatsetseleka, ndipo ndinaona kuti bokosi lija lili ndi zogwilila m'mbali ndi mtanda pamwamba. Pamtandapo panali makoko anga anayi, oyalidwa mwaulemu.

Munthu mmodzi yekha ndiye sanachite mantha. Anali mayi wonenepa, Mbemba wokwatiwa m'dela lomwelo, amene anzake anali kumuitana kuti bana Chanda. Anandiyang'ana ine, anayang'ana makoko, kenaka anagogoda bokosi ndi chala.

"A Njobvu, mwafa mailo, lelo mwabala kale mwana? Inu anthu a Kum'mawa, mbewa zimene mumadya zija zili ndi mphamvu."

Kwathu kuno pali chimbuya pakati pa ife ndi Abemba. Pa malilo a munthu wa Kum'mawa, Mbemba ali ndi ufulu wonyoza wakufa, kuseka ofedwa ndi kuwapaka ufa kumaso, ndipo palibe amene amakwiya, chifukwa nafenso timakawabwezela pa malilo awo. Ine ndinali ndisanazione zimenezi. Ndinangodziwa kuti ndadyela pa bokosi la malilo, ndili pa msewu wa ku Mwape pakati pa anthu achilendo, ndipo amayi kulibe. Ndinalila kuposa onse amene anali m'galimotomo, ndipo bana Chanda anati tsopano a Njobvu apeza wowalila moona.

Ndinapempha kuti andibweze ku Nyimba. Dalaivala, bambo wofatsa, anandifotokozela kuti manda akumbidwa kale, ndipo kutentha kotele mtembo sudikila munthu. Anati adzandibweza akatha kuika malilo. Komanso, anatelo, makolo ako pofika pano azindikila kale, ali m'njila. Mawu amenewa ndinawagwilitsa. Msewu wonse ndinayang'ana kumbuyo, ndikudikila fumbi la vaneti ya amalume.

Titafika kumudzi, nkhani inatsika m'galimoto bokosi lisanatsike. Bana Chanda anandigwila dzanja, anatapa ufa m'lichelo n'kundipaka kuyambila pamphumi mpaka m'makutu, ndipo anandikokela m'nyumba ya malilo kumene kunakhala amayi amasiye, okalamba, maso atatupa.

"Amayi, pukutani misozi. Amuna anu atumiza wolowa m'malo. Ndi wamng'ono, koma amadya bwino."

Amayi aja anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaona pepala limene ndinakumbatila, nsonga ya nsapato ikusuzumila.

"Uyu ndiye ndamulola," anatelo ndi mawu osasa. "Woyamba uja anandikwatila wopanda nsapato."

Nyumba yonse inaseka, amasiyewo anaseka mpaka kuseka kunasanduka kulila, azimayi n'kuyambanso nyimbo. Amasiyewo anandikhazika pamphasa pambali pawo, ndipo anagwila bondo langa mpaka nthawi yopita kumanda. Anandipatsa thobwa. Anthu anali kubwela kudzagwada, kupepesa amasiye, ena n'kupepesanso ine. Ine ndinali kungoti zikomo.

A Njobvu anaikidwa, anthu anabwelako kumanda, anasamba m'manja, mithunzi inayamba kutalika. Vaneti ya amalume inatulukila dzuwa litapendeka, ndipo inaima pambali pa inzake ija. Zitaima pamodzi sizinafanane kwenikweni: ya amalume inali ndi nyali imodzi yosweka ndi chitseko chomangidwa ndi waya. Ndinafuna kuthamanga kukagwela atate m'manja, koma munthu safika pa malilo n'kuyamba za iye mwini. Atate anavula chipewa, anapita kukagwada kwa azibambo, anapepesa malilo a munthu amene sanamudziwe, ndipo bana Chanda anawapezelela pomwepo n'kuwathila ufa m'mutu. Atatha zonsezo anabwela kwa ine, oyela ngati ine ndemwe. Anawelama, nandifunsa motsitsa mawu kuti ofedwa asamve.

"Nsapato zili kuti?"

Zina zonse ndinazimva m'njila kwa mkulu wanga Lazalo, amene sanaone chifukwa chondibisila. Pochoka pa Nyimba, amayi anayesa ndili kumbuyo ndi anyamata, anyamata anayesa ndapanikizidwa kutsogolo ndi amayi. Anafika ku Petauke, anatsitsa mapoto, anapachika nthochi, anamwa madzi, anakhala pamthunzi. Kenaka atate anafuna kuonetsa anansi nsapato zawo. Anafunsa kuti nsapato zili kuti, wina anati zili ndi Yotamu, ndipo pamenepo m'pamene banja lathu linayamba kudzifunsa kuti Yotamu ali kuti. Azimayi a nthochi a pa Nyimba ndiwo anawalozela njila, chifukwa iwo anandiona ndikukwela, koma anayesa ndine mdzukulu wa malemu.

Pa ukwati atate anaima kutsogolo nsapato zikunyezimila, ndipo m'mawu awo othokoza anafotokoza nkhani yonseyi. Anthu anaseka mpaka abusa anavula magalasi. Kuyambila tsiku limenelo abale anga anayamba kundiitana a Njobvu, ndipo ena a iwo, imvi zili mbuu, sanaleke. Palibe amene anandipepesa. Ine sindine munthu wa mawu ambili, choncho ndinangozisunga, ndipo ndinazisunga zaka zambili kuposa mmene Mkhristu ayenela kusungila kanthu.

Masiku ano mwana sangasowe motelo. Akanakhala ndi foni, kapena mmodzi wa azimayi aja akanamujambula, ndipo Petauke yonse ikanamuona asanafike n'kumanda komwe. Magalimoto achuluka, ofanana okhaokha, koma eni ake amangodina kabatani, yawo n'kuyankha. Ana nawonso ndi ochepa m'nyumba, munthu akhoza kuwawelenga ndi diso limodzi.

Nkhaniyi ndinamuuza mkazi wanga, Tisauke, titakhala m'banja zaka zingapo. Ndinaifotokoza mwachisoni, monga ndinali kuimvela, ndikuyembekeza kuti iye yekha andimvela chifundo. Anamvetsela mpaka kumapeto osandidula. Kenaka mapewa ake anayamba kugwedezeka, anaseka mpaka kutsokomola, ndipo atapeza mpweya anandiitana ndi dzina la kwathu, nati:

"Koma a Daka, muziganizako. Nsapato zinali zatsopano. Inu munali akale."

Ndinafuna kukwiya koma zinakanika, ndinaseka naye mpaka misozi. Tisauke anatisiya zaka zitatu zapitazo, atate ndi amayi anapita kale iye asanapite. Makolo angawo sanadziwe n'komwe kuti anali ndi mlandu kwa ine. Ndinawakhululukila.