Dzina la Mowa wa a Belita

Pa Migowi ukafunsa kumene munthu angamwe masese osadandaula mawa lake, sakuyankha ndi pakamwa. Amangokulozera ndi chibwano kuseri kwa msika, pamene pali nyumba yamalata yokhala ndi chisakasa chaudzu kutsogolo. Pamenepo ndi pa bala ya a Belita. Chikwangwani palibe. Eni ake amati chikwangwani n'cha anthu amene mowa wawo sutha kudzinenera wokha.

A Belita anabadwira mphepete mwa phiri la Michesi, m'banja la Alomwe amene makolo awo anachokera ku Mozambiki atasenza mbewu m'timitanga. Sukulu anangoinunkhiza. Chimene anaphunzira mpaka kuchidziwa ngati chikhatho chawo ndi kufulula, ndipo anachiphunzira kwa azakhali awo, mayi waukali amene ankataya mbiya yathunthu ikangosasa pang'ono. Chimera a Belita amameretsa okha, chogula pamsika sachikhulupirira. Madzi amakatunga kumjigo wakutali, wapafupi amati ndi wamchere. Zipanda zomwera amazitsuka ngati akuyembekeza apongozi. Ndiye mowa wake! Wonona bwino, wosasasa, wosakanda pakhosi. Achikulire akaulawa amapukusa mutu n'kunena m'Chilomwe kuti uwu ndiye otheka, mowa weniweni.

Koma munthu samwa pamimba yopanda kanthu. Ena amagulitsa kanyenya wa mbuzi wouma ngati chikopa. A Belita amaphika kalongonda, nyemba zikuluzikulu zija zimene Mlomwe akazimva fungo amaiwala kumene amapita. Kalongonda ali ndi mwambo wake. Umamuwiritsa, kumusenda, kutaya madzi, kuthira ena, kuwiritsanso, kutayanso, tsiku lonse, mpaka madzi akuda aja atayera. Ukachita ulesi, amakuzunguza mutu kuposa kachasu.

Zotumikira alendo zinali m'manja mwa amuna awo, a Dickson. Tinene chilungamo, bamboyu ntchito imeneyi amaitha. Amadziwa dzina la aliyense, amadziwa amene amakonda mpando wotsamira ndi amene amafuna mphasa, ndipo awiri akayamba kukwezerana mawu amalowa pakati ndi nthabwala mpaka onse aiwale chimene amakanganira. Vuto lawo linali limodzi: ankakhulupirira kuti palibe chimene mkazi angachite chimene iwo sangachite ataonerera kamodzi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mowa utangotsala pang'ono kupsa, kunabwera uthenga wa maliro kwa Mkhumba. A Belita anasuza mowa wawo mwachangu, n'kumanga chitenje, n'kutsanzika amuna awo.

"Bambo a Miracle, lero anthu amwe wopanda kalongonda. Ndikadzabwera ndidzaphika."

"Pitani bwino, mayi. Zapano musade nazo nkhawa."

Atabwerako a Belita anapeza pachisakasa pali zii, nkhuku zokha zikupalasa pansi pa mabenchi. Anafulula wina, wabwino ngati kale, koma anthu ankangodutsa akuyang'ana kumbali n'kukalowa kwa a Makina, amene mowa wawo aliyense amadziwa kuti ndi madzi otsukira dilamu. A Belita mtima unawawa kwambiri. Sanadandaule za malonda. Chimene chinawapweteka chinali dzina, chifukwa pa dziko lino analibe munda waukulu kapena mwana wa ku yunivesite, anali ndi dzina la mowa wawo basi.

Amene anawauza zoona ndi a Malumbo, mlangizi wa zaulimi wochokera ku Rumphi, amene anali asanasiye kubwera.

"Mayi, anthu akuti mwayamba kuthira zinthu m'mowa. Ena akuti feteleza, ena akuti mankhwala oitanira makasitomala. Tsiku lija anthu anasanza, ena chizungulire mpaka kukwawa. A Howard anachita kunyamulidwa pa kabaza ngati thumba la nandolo."

"Nanga inu, bambo, simunamwe?"

"Ine ndinamwa kuposa onsewo, ndipo m'mawa ndinapita kuntchito bwinobwino. Kungoti nyemba zanu zija ine sindidya. Kwathu kulibe."

"Nyemba ziti?"

"Zimene anaphika a Dickson."

A Belita anapita kuseri n'kukayang'ana mulu wa nkhuni. Unali pafupifupi momwe anausiyira, pamene kalongonda amadya nkhuni ngati uvuni wa njerwa. Anawaitana amuna awo kukhitchini.

"Bambo a Miracle, madzi munataya kangati?"

"Madzi ati?"

"Akuda aja."

A Dickson anakanda m'mutu. "Si msuzi umene uja? Ndinaona ngati n'kuwononga. Ndinangothiramo mchere ndi tomato."

Taonani zinthu zake! Mlomwe wathunthu, wadya kalongonda kuyambira ali kumbuyo kwa amake, koma sanakhalepo pamoto kuona mmene amaphikidwira. Iwo eni sanadwale chifukwa tsikulo anatanganidwa ndi kutumikira, anangolawa kamodzi.

"Mukawauze anthu," anatero a Belita.

"Mayi, mukufuna ndiziyenda bwanji pa Migowi pano? Ana azindiimba nyimbo. Zingokhala choncho, anthu aiwala."

"Aiwala za inu. Za mowa wanga saiwala."

Apa ndiye panali povuta. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kuwaulula amuna awo kunali kuwavula pagulu, munthu amene ulemu wake wonse unali pachisakasa chomwecho. Kukhala chete kunali kulola kuti mowa wawo ufe ndi mbiri ya ufiti. A Belita si munthu wogona ndi nkhani. Anaganiza, n'kupeza njira yawoyawo.

Tsiku la msika anatulutsa dilamu la mowa watsopano n'kuliika pabwalo. Anatuma mawu kwa onse amene anadwala kuti abwere amve. Anthu anabwera, pakuti nkhani yaulere ndani angaikane? Anaima chapatali, manja kumbuyo, a Howard patsogolo. A Dickson anali pakhomo, akupukuta chipanda chimene chinali chouma kale.

"Abale anga," anayamba a Belita, mawu ali njii, "mowa wanga ulibe mlandu. A Malumbo awa anamwa osadya kalongonda, sanadwale. Inu nonse amene munadwala munadya. Wolakwa ndi kalongonda. Sanatayidwe madzi." Anadziloza pachifuwa. "Ndinaphika mothamanga ndine. Mundikhululukire."

Panamveka kung'ung'udza. Mkazi wa Chilomwe kuvomera pagulu kuti walephera kalongonda ndi manyazi osasimbika, ndipo azimayi ogulitsa tomato anali atayamba kale kugwirana m'mapewa. A Belita anaimabe chilili, maso ali gwa. Anali atasankha kuti ngati china chiyenera kufa, chife ndi dzina la mphika, la mowa litsale.

A Howard anatsokomola. "Koma mayi, tsiku limene lija si munali kumaliro kwa Mkhumba? Akazi anga anakuonani mukuphika kumeneko."

"Ndinaphika ndisananyamuke."

"Ayi, ndinu abodza, mayi."

Amene ananena zimenezi sanali a Howard. Anali a Dickson. Anaika chipanda pansi n'kubwera kudzaima pambali pa akazi awo.

"Akaziwa anandiletsa kuphika. Ndinaphika ndine, mwamakani. Madzi akuda aja ndimayesa msuzi." Anayang'ana pansi. "Ndinathiramo ndi tomato."

Phokoso la kuseka linamveka mpaka kusiteji ya maminibasi. A Howard anaseka mpaka kukhala pabenchi osadziwa kuti akhala. Wina anafuula kuti, "A Msuzi, tipatseni chipanda!" ndipo dzinalo linamera pomwepo. Mpaka lero pa Migowi ukafunsa a Dickson anthu amayamba aganiza kaye, koma ukati a Msuzi ngakhale wa kabaza amakufikitsa.

A Dickson anatunga mowa n'kuyamba kugawa. Mabenchi anadzaza. A Belita anawayang'ana amuna awo akusekedwa uku akutumikira, ndipo anawakonda kuposa tsiku la ukwati wawo. Pamene a Dickson ankadutsa pafupi atanyamula chipanda chodzaza, a Belita anawagwira mkono.

"Mukanangokhala chete, bambo. Ndinali nditamaliza kale."

"Ndinaona," anatero a Dickson motsitsa mawu. "N'chifukwa chake sindikanatha kukhala chete."