Chilimwe Chimene Bambo Anga Anatchedwa Gallus

Ndikamva fungo la mankhwala otsukira pansi, ndimadziona nditagwada pamasitepe a nyumba yathu ku Govan, kuno kudziko la azungu, ndowa ili pambali, manja atatuwa ndi madzi ozizira. M'nyumba zosanjikizana zija banja lililonse linali ndi sabata yake yokolopa masitepe, ndipo yathu ikakwana ntchitoyo inkagwera ine, popeza amayi anali namwino pachipatala chachikulu chapafupi ndipo ankaweruka miyendo itatupa. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, sukulu titatsekera, m'chilimwe cha kuno chimene dzuwa limachita kuiwala kulowa. Loweruka la sabata yathu ndikafika pakati pa ntchito ndinkamva chitseko chathu chikutsekeka kumtunda, kenako nsapato zikutsika, go, go, go, mosathamangira kanthu. Ndinkakokera ndowa kukhoma kuti bambo anga adutse.

Ankatsika atavala suti yamtundu wa khofi, tayi yofiirira, kampango kakusuzumira m'thumba la pachifuwa, chipewa chitapendekera pang'ono kumanzere, fungo la polishi likuwatsatira kumbuyo. Ku Zomba anali mphunzitsi wa sekondale. Kuno ankatsuka mabasi atavala ovololo, koma Loweruka ndi Lamlungu ankabwerera kukhala munthu amene iwo eni ankamudziwa. Ngakhale kokagula anyezi ndi ufa ankapita chotchena chomwecho. Amayi ankawaseka kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma anali amayi omwewo amene ankawachotsa kaulusi paphewa asanatuluke.

M'chipinda chapansi penipeni munkakhala nkhalamba ina, a Tam. Paunyamata wawo ankawotcherera zitsulo kokhoma zombo, kenako anapita ku Australia n'kukakhalako zaka zambiri, ndipo anabwerako opanda mkazi, opanda mwana, ali ndi chifuwa chosatha ndi mawu odzaza mkamwa. Kukacha bwino ankatulutsa mpando n'kukhala pakhomo, kapu ya tiyi ili pabondo. Bambo anga akamadutsa, a Tam ankakweza kapu ija n'kufuula mawu amodzi okha: "Gallus!" Bambo ankadziwa Chingerezi cha m'mabuku kuposa aliyense amene ndinkamudziwa, koma Chingerezi cha ku Govan chinkawadutsa ngati mphepo, ndipo khutu la banja lonse ndinali ine. Tsiku lina anandifunsa chonong'ona kuti, "Kodi mkuluyu amati chiyani?" Ndinayankha kuti, "Amati mwatchena, adadi." Kuyambira pamenepo ankati akamva mawuwo ankagwira mlomo wa chipewa chawo mwaulemu.

Nthawi zambiri ndikamaliza kukolopa ndinkakhala pasitepe yomaliza pafupi ndi a Tam, ndipo iwo ankandipatsa bisiketi ndi mawu atsopano. Mayi wokongola akadutsa ankati ameneyo ndi stoater, chiphadzuwa chopunthwitsa amuna. Mnyamata wonyezimiritsa tcheni pakhosi ankati ku Australia akanamutcha flash. Koma panali mwamuna wina amene ankayenda m'makomo kugulitsa mafoni ndi mafuta onunkhira osadziwika kumene achokera, ndipo ameneyo a Tam ankamulavulira mawu akuti wido, munthu wochenjeretsa anzake, tambwali. Ine mawuwo ndinkawasunga m'magulu awiri m'mutu mwanga, abwino kwawo, oipa kwawo, ngati mmene amayi ankasiyanitsira zovala zoyera ndi zakuda pochapa.

Kuseri kwa nyumba kunali bwalo la zingwe zoyanikira zovala ndi migolo ya zinyalala, ndipo kumeneko ndinali nditaphunzitsa anzanga fulaye ndi mpira wa mapepala apulasitiki. Tsiku lina tikusewera, ndinanyadira kwa mnzanga Kirsty kuti bambo anga ndi gallus. Agogo ake aakazi anali pomwepo akuyanika matawulo, mapegi ali kukamwa. Anawalavula n'kundiuza kuti ndizisamala nawo mawuwo, chifukwa kalekale ankanena munthu woyenera kunyongedwa, ndipo anachokera pa dzina la mtengo umene ankapachikapo zigawenga. Ananena zimenezi mwachisawawa n'kupitiriza kuyanika. Mpira unandimenya pamsana ndili chiimire, osaumva n'komwe. Ndinkangoona bambo anga akugwira chipewa kuthokoza munthu amene amawatcha wakupha kapena mbava, ndipo womasulira wake ndinali ine.

Sindinadikire. Ndinapita kwa a Tam misozi ili m'maso n'kuwafunsa chifukwa chimene ankatukwanira bambo anga. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, koma ataona nkhope yanga anaika kapu pansi. Anandiuza kuti agogo a Kirsty sananame, koma ananena theka lokha. Ku Govan kwa makolo awo, anatero, mmphawi akavala suti yabwino anthu ankafunsa kaye kuti waitenga kuti, chifukwa ankakhulupirira kuti wosauka sangawale popanda kuba. Ku Australia nakonso mawu aja akuti flash anayambira mkamwa mwa akaidi ndi mbava. Koma amphawi eniakewo anawalanda mawuwo n'kuwasandutsa chiyamiko cha munthu amene moyo wamupondereza koma akuyendabe mutu uli m'mwamba. "Bambo ako amatsuka mabasi sabata yonse, n'kutsika masitepe awa ngati nyumba yonseyi ndi yawo," anatero a Tam. "Ndiwatche chiyani china?" Ndinachoka mtima utatsika pang'ono, koma magulu anga awiri aja anali atasakanikirana, ndipo sindinawauze kanthu bambo.

Tchuthi chikupita kumapeto, bambo ananditenga kutauni kukagula nsapato za kusukulu. Anali atavala suti yawo ija. Titangolowa m'sitolo yaikulu ndinaona mlonda wina akutitsatira, ife tikaima nayenso n'kuima, akunamizira kukonza mabokosi. Titalipira n'kufika pakhomo anatitsekereza, n'kuuza bambo kuti atsegule jekete. Anthu anasiya zimene ankachita. Bambo anavula chipewa n'kundipatsa, anamasula mabatani, anatulutsa matumba onse kunja, kampango kaja kanagwera pansi. Sanapezeke ndi kanthu. Mlondayo sanapepese. Anangotembenukira kwa mnzake n'kunena chapansipansi kuti awa ndi ma wido enieni, amadziwa kubisa. Bambo sanamve, koma ine ndinamva. Mawu anatuluka okha mkamwa mwanga, m'kalankhulidwe ka ku Govan kamene kunyumba ndinkakabisa, okweza mwakuti ndinadzidzimuka nawo ndekha. Ndinamuuza kuti bambo anga si wido, ndi mphunzitsi, ndipo suti imeneyo anaisoketsa ndi thukuta lawo iye asanadziwe n'komwe kumanga tayi. Mayi wina wachikulire anatola kampango kaja, anakakuntha n'kuwapatsa bambo ndi manja awiri. Bambo anandigwira dzanja n'kutuluka.

M'basi sanandidzudzule chifukwa chokalipira munthu wamkulu, ngakhale kwathu umenewo unali mlandu. Anangoti, "Undiuze mawu onsewo, usandibisire." Ndinawauza za wido, za flash, ndi za mtengo wopachikapo anthu uja. Anamvetsera akuyang'ana pawindo, chipewa chili pamiyendo. Atatsika basi sanachivalenso. Loweruka lotsatira ndinamva chitseko chikutsekeka, koma nsapato sizinalire. Anadutsa atavala jekete yamvula yotuwa ndi nsapato zansalu, ngati mwamuna wina aliyense wa mumsewu wathu. A Tam anakweza kapu, anatsegula pakamwa, kenako n'kuibweza kapuyo pabondo. Ngakhale kutchalitchi, kumene Amalawi anzathu ankawatcha njonda, anapita chotero. Amayi anasiya nthabwala ya mkuyu ija. M'nyumba munazizira ngati mwachotsedwa chinthu chachikulu chimene tinkangochizolowera.

Panadutsa masabata angapo. Mmawa wina tinamva kugogoda, ndipo nditatsegula ndinapeza a Tam akupuma movutikira, atakwera masitepe onse amene anali asanawakwerepo chibwerereni ife. Pamkono anali atanyamula suti yakale yabuluu, yamakwinya, yonunkha mankhwala othamangitsa njenjete. Mnzawo womaliza wa kokhoma zombo anali atamwalira, maliro anali mawa lake, ndipo manja awo ankanjenjemera kwambiri moti simbi sakanaigwira. Anati m'nyumba yonseyo munali munthu mmodzi yekha wodziwa kusita suti. Bambo anailandira. Anayala bulangete patebulo, ananyowetsa kansalu, ndipo nthunzi inadzaza kukhitchini pamene ankawongola mzere wa buluku mosamala ngati akulemba pabolodi. A Tam anakhala pampando akumwa tiyi wa amayi, ndipo ponyamuka anaima pakhomo n'kunena, osayang'ana munthu, kuti kumaliro sakufuna kukakhala okha, komanso sakufuna kuperekezedwa ndi munthu wovala jekete yamvula. Mawu amenewo sindinachite kumasulira.

Mawa lake ndinawaonera pawindo akupita kokwerera basi, wina wamtali wakuda, wina wamfupi wowerama, onse atavala suti, akuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha chifuwa cha a Tam. Chipewa cha bambo chinali chitapendekera kuposa kale.

A Tam anamwalira ndisanamalize sekondale, ndipo mawu awo ambiri anapita nawo. Ana anga ali ndi awoawo oyamikirira munthu wotchena, amene ine sindiwamva, ndipo ndikawafufuza ndimapeza kuti ambiri nawonso anatuluka m'makwalala a anthu okayikiridwa. Sindidabwanso. Kwathu nakonso tikati munthu ndi dolo, sizidziwika msanga ngati tikumutama kapena tikuchenjezana. Chimene ndinaphunzira chilimwe chimenecho n'chakuti anthu amavutika kuona wosauka kapena mlendo akuwala, ndipo chilankhulo chimasunga kukayikira kumeneko ngakhale m'mawu otamanda. Mlonda uja ndi a Tam anayang'ana munthu mmodzi yemweyo, suti imodzi yomweyo, ndipo mawu amene anasankha anali apachibale. Kusiyana kwake kunali kwakuti wina anawauza bambo anga kuti atsegule jekete, wina anakwera masitepe onse kudzawapempha kuti aivalenso.