Fodya wa M'botolo Naye Amalawidwa

Ine sindigula chinthu ndisanalawe. Mtedza ndimalawa, thobwa ndimalawa, usipa ndimatafuna kamutu. Tsiku lina pa msika wa Kaomba ndinanyambita mchere wa mayi wina mpaka anandifunsa ngati kwathu kuli mchere wotsekemera. Anthu amati ndine woumira. Ine ndimati ndimangosamala.

Chaka china achimwene anga aakulu anapeza kuponi ya feteleza. Feteleza wina anathira kuchimanga monga boma linkafunira, winayo anasochera n'kukapezeka m'munda wa fodya. Fodya anachita bwino, chigafa chinadzaza mpaka munthu kumalowa chowerama. Koma achimwenewo anali a chingambwe. Masana ena anawodzera m'chigafamo ndudu ili pakamwa, phulusa n'kugwera pa masamba ouma. Mwayi wake alamu, akazi awo, ankachokera kumjigo ndi ndowa pamutu. Madzi aja anazimitsa moto, otsala anasambitsa mwini chigafa.

Alamu sanakalipe. Analongedza zitenje zawo m'chikwama chachikulu chija timachitcha ukwati watha, n'kuchikhazika pakhomo.

"Ndikangomvanso fungo la chingambwe pakhomo pano, mukandipeza kwathu ku Nkhamenya," anatero.

Tonse tinkadziwa kuti alamu sanena kawiri. Achimwene anataya machesi, koma anasanduka munthu wina. Ankatafuna timitengo, kukangana ndi nkhuku, ndipo ndinawapeza akununkhiza tsamba la fodya ngati munthu wotsanzikana ndi maliro. Ndinaona kuti chikwama chija chinyamuka posachedwa.

Pawindo pawo panali kachipangizo kamene mphwathu wa ku Joni anatumiza, kooneka ngati cholembera chonenepa, kotchaja ngati foni. Umathiramo timadzi, ukakoka kamatulutsa nthunzi, moto osaoneka. Botolo la timadzito linasweka m'basi, ndiye kanangokhala chokongoletsa nyumba. Ndinakaika m'thumba n'kukwera matola wa ku boma.

Wogulitsa timadzito ndinamupeza pafupi ndi depoti, bambo wina wobwerako ku Joni, wa magalasi akuda, amene ankagulitsanso matchaja. Mabotolo anawandanda bwino, koma onse anali ndi fumbi pamapewa. Wamalonda ukaona katundu wake wachita fumbi, dziwa kuti Mulungu wakuyankha.

Atatchula mtengo wa botolo limodzi ndinagwira mtengo wa shedi yake kuti ndisagwe.

"Chabwino bwana. Tilaweko."

"Izi salawa, madala. Si thobwa."

"Nanga ndikagula, achimwene akakana, ndikathira kumunda?"

"Pabotolopo pajambulidwa. Ili ndi la mango, ili la khofi, ili lozizira kukhosi, ili la fodya weniweni."

"Pathumba la mbewu amajambulanso chimanga chachikulu ngati mwendo. Munachionapo m'munda?"

Sanaseke. Koma tsidya la msewu panali mzere wa alimi odikira feteleza wa makuponi, amene anauzidwa kuti galimoto ili m'njira. Munthu wodikira feteleza amaonerera chilichonse, ngakhale mbuzi ikubzikula. Ndinakweza mawu.

"Abale anga, tandiweruzireni! Kodi wogulitsa fodya wa m'mphuno anakanizapo munthu kutsina pang'ono?"

"Sizinachitikepo!" anayankha mkulu wina wa chipewa cha mlaza, akuwoloka msewu.

"Nanga uyu wa m'botoloyu ndi wa mfumu yanji?"

Anthu anatizungulira. Wina anati ku Joni anthu amaiwala mwambo. Mayi wina anati mwina m'mabotolomo muli madzi a sopo. Mawu amenewo ndiwo anamubaya bambo uja. Anavula magalasi, n'kulanda kachipangizo kanga, n'kudonthezamo madontho a mango.

Apa mpamene ndinakumbukira kuti ine sindisuta. Koma wopempha kulawa sabweza mbale. Ndinakoka ngati ndikuyamwa filizesi youma, ndipo ndinatsokomola mpaka chipewa chinagwa. Anthu anafa ndi phwete.

"Wakoma?" anafunsa mkulu uja.

"Sindinamve bwino. Tiyese wa khofiyo."

Anadontheza wa khofi pamwamba pa wa mango. Kenako wozizira uja. Pofika pa wa fodya, depoti inali itayamba kuyenda chozungulira, minibasi zili m'mwamba. Ndinakhala pansi mwaulemu, ngati ndinakonza kale zokhala.

Ndili pansi pomwepo ndinaona mayi wa pafupi akuthira mafuta ophikira m'timachubu tapulasitiki. Nzeru inabwera.

"Bwana, m'dziko muno munaona ndani akugula chinthu chathunthu? Shuga timagula wa pasupuni, sopo wodula, ndudu imodziimodzi. Inu mukufuna mlimi agule botolo lonse ngati akukatsegula chipatala? Thirani m'timachubu."

Anayang'ana fumbi la pa mabotolo ake, n'kuyang'ana khamu lija. Mkulu wa chipewa anali atayamba kale kufunsa ngati kachipangizoko kamabwerekedwa. Timachubu tinapempha kwa mayi uja. Ndinachoka ndi kachubu ka mtundu uliwonse pa mtengo wa mandasi, ndipo ndinaumirira basela, poti nzeru sapereka ulele.

Kumudzi ndinapeza chikwama chili pomwe chija, achimwene atakhala pa khonde nkhope ili ngati mvula ya Januwale. Ndinawapatsa kachipangizoko momwe kanaliri, ndi zotsalira zanga zonse m'kati. Anakoka kamodzi. Anatseka maso. Anakokanso.

"Mng'ono wanga, ichi ndiye chinthu," anatero. "Ndi uti ameneyu?"

Ndinati tiyese umodziumodzi tiwupeze. Wa mango anati ndi wa ana a sukulu ya mkaka. Wa khofi anati ukununkha chimanga chopserera. Wozizira anati ngati akutsuka mano. Wa fodya weniweni uja anaulavula.

"Amene analima fodya ameneyu amumange. Anamunyowetsa ndi mvula."

"Ndiye mwakana onse, achimwene."

"Ndikufuna woyamba uja."

Woyamba uja sanali m'botolo lililonse padziko lapansi. Unali uve wanga, wosatsuka chipangizo polawa. Ndipo anali atautha.

Alamu, amene ankasola mtedza osatiyang'ana, anati, "Nanga pamene feteleza wachepa mumatani? Simusakaniza wobereketsa ndi wokulitsa?"

Tinatenga chivindikiro cha botolo la fanta n'kuyamba ntchito. Dontho ili, dontho ilo, achimwene kukoka, kupukusa mutu. Ine kukumbukira ndinalephera, poti theka la nkhaniyo ndinali pansi. Amene anatipulumutsa ndi alamu omwewo. Mphuno imene inkagwira chingambwe munthu ali kudimba inagwiranso ntchito apa.

"Mwachulutsa khofi. Poyamba paja mango ndiye amatsogola."

Tinachepetsa khofi. Nthunzi itadutsa pamaso pawo anaimitsa dzanja.

"Ameneyo."

Achimwene anakoka, n'kumwetulira koyamba chichokereni machesi.

Nditabwereranso ku boma, ndinapeza bambo uja wapachika timachubu pachingwe ngati mikanda, fumbi litachoka. Anandilandira ndi mpando. Ndinamufunsa kuti za kulawa zija zili pati, iye anati, "Inu madala musadzalawenso pano, munandithawitsira makasitomala ndi kugwa kuja." Bodza. Basela anandipatsa yekha ndisanapemphe.

Fodya wa chaka chimenecho anafika ku okushoni wosapsa ngakhale tsamba. Achimwene ankayenda m'mudzi akununkhira ngati okala ya maswiti, anzawo a pabawo n'kumawatcha mtsikana wa ku tawuni, iwo osasamala. Kachipangizoko kanadzafa patapita nthawi, kanakana kutchaja, koma pamenepo n'kuti chingambwe atachiiwala kale.

Chikwama chija sindinaone tsiku limene chinachoka pakhomo. Ndinangochipeza m'nyumba mwawo chitadzaza mtedza wosenda. Ndinapisamo dzanja.

"Alamu, mukutani?" anandifunsa mwini chikwama.

"Ndikulawa."

"Lawani," anatero alamu, "koma uwu wokha musakhale nawo pansi."